Machamba a Agogo Anu

Khala phee, Zione, ndikumange. Ukulira ngati akudula mwendo pamene kabala kake n'kosakwana ndi chikhadabo chomwe. Enanu tandipatseni mpata, mwandiunjikira ngati ntchentche pa usipa. Ndipo iwe Madalitso, khasulo ukalibweze kumene walitenga. Ndakumva ukuti ukakumbe chitsulo chili patsinde pa mango chija chifukwa chacheka mlongo wako. Ukangochikhudza, ine ndi iwe tionana. Chitsulo chimenecho chinafika pano bambo ako asanadziwe kuvala kabudula, ndipo pakanapanda icho bwenzi inu mutabadwira kwina, mwinanso osabadwa n'komwe. Khalani pansi, ana inu. Foniyo izime.

Ine ndi agogo anu aamuna, a Fulansisiko, tinachokera kuseri kwa mapiri awo, chakufupi ndi Mandimba, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Inali nyengo ya mango, mvula itangoyamba kumene. Mfuti zitalira m'mudzi, aliyense anatola chimene dzanja linagwera. Anzanga anzeru anatola mabulangete. Ine ndinabereka bambo anu Petulo, ali khanda, n'kusenza mphika wachitsulo wa miyendo itatu, wolemera ngati mwana wa ng'ombe. Musandifunse chifukwa chake, unali wa paukwati wanga basi. Tikutsetsereka m'chigwa ndinangomva kuti ngwee! pamutu, mphika uja n'kugwa. Ndinautola n'kupitiriza kuthamanga. Ndinadzaona titafika pamtsinje, ndikuti nditunge madzi, kuti unali ndi chibowo chakumunsi, cholowa chala. Chipolopolo chimenecho chinkafuna mutu wangawu.

Agogo anu anabwerera m'mudzi kukafuna amayi awo, koma sanawapeze, chifukwa m'mawa umenewo anali atapita kudimba. Anangotola mango awiri pansi pa mtengo wa pakhomo pawo n'kutithamangira. Tinadya panjira. Za amayiwo sitinamvenso kanthu.

Anthu ambiri amene tinaoloka nawo malire anakwera malole kupita ku kampu. Ife tinakana. Tinkamva kuti kumeneko matenda otsegula m'mimba akusesa ana, ndipo agogo anu ankati munthu wa khasu akakhala pamzere wa ufa, manja ake amaiwala ntchito. Tinatsika mapiri mpaka kuno ku Lungwena, kumene tinagwira mwendo Che Amidu, mkulu wina wa kumzikiti amene anali ndi ukonde waukulu wa chilimira ndi mabwato ake. Ankafuna amuna amphamvu okoka ukonde, ndiye anatibwereka kamalo m'mphepete mwa msewu kuti tiikepo msasa. Anawonjezanso kamunda ka miyala kuseri kwa phiri, koti agogo anu azilimapo chinangwa ndi nandolo.

Inu mukamva zoti kubwereka malo mukuyesa ngati kubwereka chipande. Malo obwereka ali ndi malamulo ake. Sumatapo khoma, suumbapo njerwa. Koma lalikulu kuposa onse, Che Amidu analinena ataloza ndi ndodo yawo: "Mtengo musadzale. Chimanga chimakhala miyezi, chinangwa chimazulidwa, koma wodzala mtengo wanena kuti malo ndi ake. Za nyumba tidzakambirana, Inshallah."

Mawu akuti tidzakambirana amenewo tinagona nawo chaka chathunthu.

Msasa simukuudziwa inu, obadwira pansi pa malata. Wathu unali wa mitengo yopindira pamwamba, udzu m'mbali, ndi pepala la pulasitiki limene anthu achithandizo anatipatsa. Wamtali ankalowa chowerama. Chitseko chinali cha bango, chongotsamiritsa. Mbuzi za eni mudzi zinkadya khoma lathu tili momwemo, ungomva mphepo kumsana, kucheuka, nkhope ya mbuzi iyi. Mvula ikagwa madzi ankadutsa pakati pathu ngati ali ndi ulendo, ine n'kukhala tsonga nditanyamula Petulo pamiyendo mpaka ikate. Chiswe chinkamanga nyumba zake m'nsanamira zathu, poti icho palibe anachiletsa kumata. Mwera ukawomba, pulasitiki lija linkachita phokoso longa la mfuti, ndipo agogo anu ankadzidzimuka n'kugwira chikwanje. Chakudya chinali ufa wachikasu wachithandizo uja, wonunkha thumba, ndi mitu ya utaka imene ndinkapatsidwa ndikayanika nsomba pa thandala. Iwe Zione umakana nsomba ukati ili ndi minga yambiri. Ife mingayo tinkasinja n'kuthira m'phala.

Petulo anayamba kutsokomola m'dzinja loyamba lomwelo, ndipo chifuwa chake sichinathe ngakhale dzuwa litabwerera. Mayi wina wa kuchipatala anandiuza osazungulira kuti mwanayu akagonanso m'chinyezi dzinja lina, ndisadzawafunse iwo. Choncho ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: khoma lomata ndi denga losadontha mvula isanabwerenso. Ndikafunsa, Che Amidu ankati tidikire mvula ithe. Itatha, anati tidikire Ramadani ipite. Itapita, anati ayambe amva maganizo a mlongo wawo.

Pamenepo ndiye panali mfundo. Kuno malo ndi a mbumba, mwamuna amangoyang'anira. Mlongo wa Che Amidu, Abiti Twaibu, anali ndi ana aakazi atatu oyembekeza kukwatiwa, ndipo malo a kumsewu amene panali msasa wathu ankawafunira iwowo. Lero ndikamaganiza, sanali munthu woipa, koma pakamwa pake panali tsabola. Ine panganso sipanali shuga. Mphika wanga wobooka uja, umene ndinkasungiramo mchere, unasowa titangokhala masabata ochepa. Ndinakalankhula kuchitsime mokweza kuti mudzi uno ndi wodabwitsa, amaba ngakhale mphika wosaphikira. Abiti Twaibu anali pomwepo. Anatula ndowa yawo n'kunena kuti, "Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma awa ndi mame anji osakamuka dzuwa lili pamutu?" Kuyambira tsiku limenelo moni wathu unali wa m'mphuno.

Tsono ndikuuzeni za matenda a agogo anu. Munthu uja anali wolimbika ntchito, wosamwa, wosamenya, koma anali ndi nthenda ya Chipwitikizi. Anagwirako ntchito ku minda ya boma kwathu kuja, ndiye anatolako timawu tingapo timene ankanyadira ngati wotchi yapamkono. M'mawa bondiya, mnzawo aliyense kamarada, ukawapatsa madzi obirigadu. Ndipo munda sankati munda ngati anthu ena onse. Ankati machamba, monga amanenera kwathu kuja. Eya, sekani. Mwamva kale pamene pagona nkhani. Ife sitinamve.

Tsiku lina kugombe akusoka ukonde, anzawo ankawaseka kuti adzakalamba ali mumsasa ngati msodzi wongodutsa. Iwo anadzitukumula nati, "Inu sekani, makamarada. Machamba anga kuseri kwa phiri akukula bwino. Chaka chino ndimanga nyumba."

Mnyamata wina anafunsa motsitsa mawu, "Che Fulansisiko, ndiye mumagulitsa?"

Iwo anati, "Akakhwima ndigulitsako pang'ono. Otsalawo tizidya ndi mkazi wanga ndi mwana."

Nkhani imeneyi ndinadzaimva zonse zitatha. Panthawiyo ndinangoona kuti mudzi wasintha. Ndikafika kuchitsime, amayi ankangoti zii. Mkazi wa Che Amidu, amene ankakonda kunyamula Petulo, anayamba kumuyang'anitsitsa m'maso ngati akufunamo kanthu. Ana akayandikira msasa wathu, makolo awo ankawaitana mwaukali. Pa thandala anandiuza kuti nsomba zachepa, ndiyambe ndapuma. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo, kutentha kwa Okutobala kuja, ndipo Petulo ankatsokomola mpaka kusanza.

Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti, ndinaona gulu likubwera. Kutsogolo Che Amidu ndi mkanjo wawo woyera, pambali pawo Abiti Twaibu, kumbuyo anyamata a pa chilimira, ena atanyamula zikwanje. Munthu amene anathawapo nkhondo akaona gulu la zikwanje likulunjika pakhomo pake, miyendo imayamba yokha kufuna tchire. Ndinabereka Petulo osadziwa kuti ndamubereka.

Che Amidu sanalandire mpando. Anati, "Che Fulansisiko, ndinakulandirani ngati m'bale. Lero ndikumva kuti m'nthaka ya makolo anga mukulimamo chamba. Zimenezo ndi haramu, Mulungu amaletsa, ndipo boma likamva, womangidwa woyamba ndine. Tikupita tikaone. Tikachipeza, inu ndikakuperekani ndekha kupolisi, ndipo mkazi wanu ndi mwanayu akwera lole ya ku kampu."

Ine ndi amene ndinazindikira. Ndinagwada n'kunena kuti, "Bambo, pepani, ndi pakamwa pa munthuyu. Kwathu machamba ndi munda. Munda basi, wa chinangwa. Ndakhala ndikuwauza kuti Chipwitikizi chawochi chidzatipha."

Anyamata ena anayamba kuseka, ndipo nkhope ya Che Amidu inafewa pang'ono. Ndinati tapulumuka. Koma Abiti Twaibu sanaseke.

Anati, "Chabwino, machamba ndi munda. Nanga madzi amene mwamuna wanuyu amasenza m'chitini m'mamawa uliwonse kupita nawo kuseri kwa phiri, chilimwe chonsechi, amakathirira chiyani? Chinangwa cha kwanu chimamwa madzi a m'chitini?"

Chitinicho ndinkachiona, ndipo ndikafunsa ankandiyankha kuti ndi madzi akumwa polima. Koma ndani amalima nthaka youma gwa? Ine kumundako ndinali ndisanapiteko kuyambira pamene tinathyola nandolo, chifukwa ndinkatanganidwa ndi nsomba ndi mwana wodwala. Ndinawayang'ana agogo anu kuti ayankhe. Anayang'ana pansi. Ndinayamba kuopa kuti mwina n'zoona, kuti mwina umphawi wa mumsasa wawapotoza mutu.

Ulendo wa kuphiri umenewo sindidzauiwala. Dzuwa linali lowotcha mapazi, kunkangomveka chifuwa cha Petulo kumsana kwanga. Ndinawanong'oneza kuti, "Bambo a Petulo, ngati kuli kanthu ndiuzeni pano, ndidziwe kothawira." Iwo anangoti, "Chamba kulibe." Ndinati, "Nanga kuli chiyani?" Anangopitiriza kuyenda.

Titafika, anyamata anamwazikana m'munda monse. Anapeza chinangwa, anapeza mitengo ya nandolo youma. Ankanunkhiza masamba a chinangwa ngati agalu, poti ena amati amafananako. Che Amidu anali atayamba kupukusa mutu kuti tibwerere, pamene mnyamata wina anafuula kuseri kwa chimwala chachikulu chija mumakwerapo inu: "Kuno kuli kampanda ka minga!"

Anakankha mingayo ndi zikwanje. M'katimo munali mphika wanga wachitsulo, miyendo yake atayikwirira m'dothi kuti mbuzi zisaugwetse. Ndipo mumphikamo munali kamtengo ka mango kofika m'chiuno, masamba ake a kunsonga ali ofiirira, dothi lake lili lonyowa.

Palibe anaseka. Chamba akanachizula n'kuchitentha, nkhani n'kukathera kupolisi. Koma mtengo pamalo obwereka, pamaso pa mwini mbumba, ndi mlandu wa nthaka, ndipo wa nthaka sutha. Che Amidu anati, "Ndinakuuzani chinthu chimodzi."

Agogo anu anagwada. Ndipo tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni, analankhula popanda liwu ndi limodzi lomwe la Chipwitikizi. Anati, "Bambo, m'nthaka yanu sindinadzalemo. Ndinadzala mumphika wa mkazi wanga. Njere yake ndi ya mtengo wa pakhomo pa amayi anga. Ndinati nkhondo ikatha ndidzaunyamula ndikaudzale kwathu, kuti akakhala ali moyo adzaone kuti sindinawaiwale."

Abiti Twaibu anati, "Ngati uli mumphika, unyamuleni. Lero lomwe, tikuona."

Agogo anu anagwira m'milomo ya mphika n'kukoka. Sunasunthe. Anakokanso, misempha ya m'khosi ili tolotolo. Anayamba kufukula m'munsi ndi zala, kenako anasiya, n'kukhala pansi. Muzu unali utadutsa pachibowo cha chipolopolo chija n'kulowa m'nthaka ya eni ake, wonenepa ngati chala changa chachikuluchi. Iwo sankadziwa.

Tonse tinaona pamene nkhani yafika. Kuusiya mtengowo kunali kulanda malo, ndipo ife tikanakwera lole. Kudula muzuwo kunali kupha mtengo. Mnyamata wina anawapatsira chikwanje. Anachilandira, n'kuyang'ana Petulo amene ankatsokomola kumsana kwanga, n'kuyang'ana kamtengo kaja. Misozi inkatsika osapukuta. Ine ndikuuzeni zoona, mumtima ndinkati dulani, bambo inu, dulani, mango sangafunditse mwana. Anakweza mkono.

"Ngwamba!" Anali Abiti Twaibu, kukana m'Chiyao chawo. "Tsitsani chimenecho. Amayi anuwo ali kuti?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Manda awo?"

"Sindikudziwa ngati alipo."

Abiti Twaibu anayang'anitsitsa muzu uja. Ife tonse tinkayang'ana iwo, ngakhale Che Amidu amene, chifukwa mawu otsiriza anali a mlongo wawo. Kenako anati, "Munthuyu sanadzale m'nthaka yathu, tonse taona. Mtengo walowa wokha, ndipo ine sindingaimbe mlandu mtengo. Koma mtengo wopanda mwini pafupi mbuzi zimadya. Amange nyumba yake pompano, pamiyala pano. Malo a kumsewu aja achokepo, ndi a ana anga." Atatero anatembenukira kwa ine nati, "Ndipo inu mayi, mphika wanu si uwo? Wakuba wanu uja mumagona naye mphasa imodzi."

Gulu lonse linaphulika kuseka, anyamata mpaka kugwira m'mimba. Ine sindinaseke. Ndinakhala pamwala n'kulira ngati pamaliro.

Musaganize kuti anatipatsa zabwino. Anatipatsa miyala, kutali ndi chitsime, kutali ndi nyanja, ndipo iwo anapeza malo awo a kumsewu amene ankafuna kuyambira kale. Mayi uja anali wochenjera. Mukamadandaula kuti madzi tikutunga kutali, dziwani kuti ndi chifukwa chake chimenecho. Koma m'mawa mwake anyamata omwe aja anabwera ndi zikwanje zomwe zija kudzadula mitengo ya nyumba. Amayi a m'mudzi anasenza dothi kuchokera kudambo. Abiti Twaibu anamata nawo khoma la kum'mawa, akundinyoza kamatidwe kanga tsiku lonse. Mvula yoyamba inatipeza denga litafoleredwa mbali imodzi, tinagona mbali imeneyo. Petulo ndi uyo lero akukuwa ngati mkango mukachedwa kusukulu, chifuwa chake chinapita kuti?

Dzina lokha silinachoke. Mpaka imfa yawo, kugombe konse ankawaitana Che Machamba, ndipo iwo ankayankha.

Nkhondo itatha, anzathu ambiri anabwerera kwawo. Agogo anu anati apite akaone kaye. Anayenda pa njinga yobwereka, nabwera patapita masiku ali mbuu ndi fumbi. Pamene panali mudzi wathu anapeza tchire. Pamene panali mtengo wa amayi awo anapeza chitsa chopserera. Palibe munthu anawauza kumene amayiwo anathera. Sanalowe m'nyumba tsiku limenelo. Anakakhala pansi pa mango aja, amene nthawiyo anali atayamba kubereka, ndipo thunthu lake linali litaswa kale mphika wanga n'kuyamba kuumeza. Ndinawapititsira madzi. Anamwa, n'kugwira khungwa la mtengowo, nati, "Mayi a Petulo, ndimati ndidzawapititsira mtengo wawo. Kani iwo anatsogola kale kubwera kuno."

Ndiye mango amene mumagenda ndi miyala ali osapsa aja, ndi okhawo amene anatsala a agogo awo a bambo anu. Alibe manda, alibe chithunzi. Ndipo kachitsulo katulukira patsinde kaja ndi mlomo wa mphika wanga. Unanditchinjiriza ku chipolopolo, unatimangitsa nyumba ino, lero ufukulidwe chifukwa cha kachala ka Zione? Kachalako kapola pofika Lamlungu. Bweza khasulo, Madalitso, ndipo pobwera utengeko madzi m'chitini, ukathire patsinde paja. Agogo ako sanaphonyepo tsiku.